Makina oboolera a pa benchi otsika mtengo: amagwira ntchito, koma muwakonze kaye

Makina amene ndikunena pano ndi aja oima pa benchi omwe m'masitolo amawatchula kuti drill press, a mota ya 350W, masipidi 5 ndi chuck yogwira biti (kachitsulo koboolera) mpaka 13 mm. Ndinawagula m'sitolo ina ya zipangizo ku Limbe, ndipo kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikupangira mashelefu, timipando ndi zitseko za makabati kuseri kwa nyumba yanga ku Chilomoni. Mayina a pa katoni amasiyana, koma makina a msinkhu umenewu amafanana kwambiri, choncho zimene ndaona ine mwina mukaziona pa anunso.

Kulumikiza phazi, mzati, tebulo ndi mutu sikuvuta. Chofunika kusamala nacho ndi girizi wokhuthala amene amapaka kuti zitsulo zisachite dzimbiri m'njira. Pukutani ndi palafini, makamaka nsonga imene imalowa mu chuck ndi m'bowo la chuck momwe, chifukwa palibe bawuti yogwira pamenepo, zimangothinana zokha. Pakatsala girizi, chuck imagwa ntchito ili mkati. Pulagi inabwera ya mano obulungira ya ku South Africa, ndiye ndinaikapo yathu ya mano atatu aphwatalala.

Chimene chinandidandaulitsa kwambiri ndi tebulo. Munthu umagula makinawa kuti bowo lizitsika chilili, koma tebulo linabwera lopendekeka, pomwe kamuvi kosonyeza kapendekedwe kanali pa 0. Kamuviko musakakhulupirire. Ine ndinapinda waya wolimba, n'kuumanga mu chuck, n'kumazunguza ndi dzanja makina ali ozimitsa, mpaka nsonga ya wayayo inayamba kukhudza tebulo mofanana kumanja ndi kumanzere. Mbali imeneyo imawongoka ndi bawuti ya pansi pa tebulo. Kutsogolo ndi kumbuyo kulibe powongolera, ndipo apa opanga anatisiya pamtetete. Ndinaika thabwa la plywood la 18 mm pamwamba pa tebulolo, n'kutsendera timalata ta chitini kunsi kwake mpaka sikweya inavomera. Thabwa lomwelo linandipatsa malo okulirapo, ndipo ndinakhomapo kamtanda kotsamiritsapo matabwa kuti mabowo a mashelefu azikhala mzere umodzi. Tebuloli limaweramanso mukakanikiza mwamphamvu, ndiye ndimagwiriziza ndi chidutswa cha bulugamu kunsi.

Kunjenjemera kunalipo kwambiri poyamba. Mutu wake ndi wolemera kuposa phazi, choncho kuwamanga ndi mabawuti pa benchi si nkhani yosankha. Lamba amene anabwera naye anali wouma ndi wopindika, ndipo mapule awiri, timawilo timene lambayo amayendapo, sanali pa mzere umodzi. Nditakweza mota pang'ono n'kugula lamba wina, phokoso linatsika moti ndimatha kumva wailesi ndikuboola. Popita kukagula lamba tengani wakaleyo, kuti akupatseni wofanana naye.

Pa matabwa ndilibe nawo mlandu. Paini amangolowa ngati mpeni mu papaya, ndipo mbawa ndi mlombwa zimabooka bwino bola biti ikhale yakuthwa. Mabowo a 35 mm a mahinjesi a makabati, amene ndinkavutika nawo ndi drill ya m'manja, tsopano amatuluka osalala pa sipidi yotsikitsitsa. Ntchito imeneyi yokha yandikwanira kunena kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Kachipangizo koimitsira kuya kwa bowo nkofooka, nati yake imasuntha ndi kunjenjemera, koma nditawonjezera nati yachiwiri kanakhazikika. Dziwaninso kuti biti imatsika 50 mm basi, ndiye thabwa lokhuthala mumaboola kawiri, mukukweza tebulo.

Pa zitsulo mpamene amaonetsa malire ake. Sipidi yotsikitsitsa ili cha m'ma 600, kutanthauza kuzungulira ka 600 pa mphindi, ndipo imeneyo ndi yothamanga kwa biti yaikulu pa chitsulo. Mpaka 8 mm amachita bwino mukayamba ndi kabowo kakang'ono, mukudonthezera oilo. Kupitirira apo biti imatentha, lamba amaterereka, mota nayo imafuna kupumitsa. Achimwene owotcherera mageti ndi mafelemu tsiku lonse ku Ndirande, makinawa si anu, sungirani aakulu. Ndipo chitsulo chilichonse, ngakhale kachidutswa, chimangeni mu vaisi. Biti ikagwira potulukira, chitsulocho chimazungulira n'kukutemani dzanja. Magolovesi ndi malaya a manja olendewera asayandikirepo.

Swichi yake ndiyoyamikira ndi mtima wonse. Magetsi akazima makina akuyenda, sadzukanso okha magetsiwo akabwera, mpaka mutadina batani lobiriwira. Kwa ife amene magetsi amatithawa ntchito ili pakati, pakhomo pali ana, chimenechi ndi chinthu chachikulu, ndipo makina opanda swichi yotere ine sindingawalowetse m'nyumba. Nyali alibe, ndinaikapo babu langa pambali. Kiyi wa chuck ndimamumata pa maginito a sipika yakale pamutu pa makinawo kuti asasowe.

Musanapereke ndalama, apempheni a m'sitolo akuloleni kugwira makina amene aika poonetsera. Tsitsani chogwirira mpaka pansi, gwirani chuck n'kuigwedeza. Anga amasewera pang'ono chabe, mosaononga ntchito ya matabwa, koma ena amene ndinawayesa tsiku lomwelo ankachita kumveka kugogoda, ndipo vuto limenelo silitheka kulikonza kunyumba. Mabiti gulani a HSS (a chitsulo cholimba chopirira kutentha) paokha, chifukwa otchipa aja a m'kabokosi ena amabwera opindika kale, ndipo mudzaimba mlandu makina osalakwa.