Kashopu kotayipa makalata kufupi ndi depoti ya Zomba

Mlongo wanga amapalasa kabaza pakati pa Chinamwali ndi m'tauni. M'mwezi wa Juni galimoto inamugunda pamsewu wa M3, mwendo wamanzere n'kuthyoka, gudumu lakutsogolo la njinga n'kupindikiratu. Atatuluka m'chipatala panafunika kalata ya Chingerezi yopita ku inshuwalansi ya mwini galimotoyo, pamodzi ndi lipoti la apolisi ndi la dokotala. Kalatayo ndinalemba ndekha usiku, m'mawa n'kupita nayo pakashopu kena kotayipa ndi kupanga fotokope chakufupi ndi depoti.

Wotayipa wake ndi bambo wachikulire, magalasi ake omanga ndi ulusi mbali imodzi. Sanathamangire kompyuta. Anayamba awerenga pepala langa lonse, chala n'kuima pamene ndinalemba kuti "my brother was damaged".

"Mayi, alongo anuwa ndi njinga kodi?"

Ndinachita manyazi, koma iwo sanaseke. Anati mawu akuti "damage" ndi a katundu: njinga, foni, denga losasuka ndi mphepo. Munthu akavulala amati "injured", kuvulalako ndi "injury". Mmunsi mwake ndinali nditalembanso "many damages", poganiza kuti ndikunena kuti njinga yawonongeka malo ambiri. Apa ndi pamene anandidabwitsa. Akuti ukangowonjezera "s", nkhani yasintha: "damages" ndi ndalama za chipukuta misozi zimene khoti limalamula kuti wolakwa apereke. Kuwonongeka kwa katundu, kaya kukule bwanji, ndi "damage" basi. Zaka zonse ndakhala kusukulu palibe anandiuzapo zimenezi.

Ndinafunsa ngati sitingangolemba "harm", poti ndimawamva pawailesi. Anapukusa mutu. Mawuwa ndi otambalala, amakhudza thupi, mbiri ya munthu ngakhale bizinesi, koma kuno kwathu amamveka kwambiri kukhoti. Munthu akavulaza mnzake kwambiri amamutsegulira mlandu wa "grievous harm" pansi pa gawo 238 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ya upandu, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 14 kundende. "Inu mukupempha ndalama zolipirira mwendo ndi njinga, osati kumangitsa munthu," anatero. Tinalemba "injuries" pa za mwendo, "damage" pa za njinga, chilichonse pandime yakeyake.

Zodandaula zilipo ndithu. Kompyuta ndi imodzi, ndipo bamboyu amatayipa ndi zala ziwiri. Magetsi atathima tinangokhala kudikira, jenereta palibe. Mpando wa makasitomala ndi umodzinso, ine ndinaima maola awiri nditatsamira makina a fotokope, kwinaku ana asukulu akupanikizana ndi mapepala awo. Inki nayo inali yotuwa, moti tsamba lachiwiri anachita kusindikiza kawiri. Ngati mukufuna fotokope yachangu basi, pitani kwina, mashopu otere ngambiri m'tauni muno.

Koma ndalama anandilipiritsa ya kutayipa masamba awiri okha, kukonza Chingerezi konseko sanawerengere. Nditafuna kuwonjezerapo ya Fanta anakana, n'kundiuza kuti ndisunge kope imodzi kunyumba chifukwa iwo sasunga makalata a anthu m'kompyuta.

Kalata inalandiridwa popanda kubwezedwa, tikudikira yankho. Mlongo wanga akuyendabe ndi ndodo, ndipo njinga ija ili kwa okonza ku Chinamwali, akufuna tipereke kaye ya limu yatsopano.