Katapila kapena banki m'khonde?

Wakatapila amakupatsa ndalama tsiku lomwelo, osafunsa zambiri. Koma mwezi ukatha, K50,000 ija amafuna ibwerere ili K75,000, ena mpaka kuwirikiza kawiri. Amasunganso khadi lako la ku banki. Tsiku la malipiro amayamba ndiye kufika pa ATM, iwe n'kutola zotsalira. Ndidaonapo mphunzitsi wina akubwerera kwa munthu yemweyo patangotha masiku atatu, kukakongolanso ya ufa.

Ku banki m'khonde chiwongoladzanja chiliko ndithu, koma chimalowa m'bokosi lanu lomwe, n'kudzagawana chaka chikamatha. Ine ndingasankhe kumeneku. Komabe ukalephera kubweza, odzatenga mbuzi kapena malata pakhomo pako amakhala anansi omwe mumapemphera nawo mpingo umodzi, ana ako akuonerera.