Gemu yaulere ija: zomwe ndapeza patatha miyezi 14

Loweruka lapitali alamu anga ananditumizira uthenga: "Alamu, gemu ija munkaichemerera chaka chatha, mwana wanu kunoku wandivuta nayo. Akuti ndi yaulere. Ndimuikire mufoni?" Chala chinali chitayamba kale kulemba kuti muikireni, monga ndinkauzira aliyense nditangoisewera masabata atatu. Koma mtima unakana. Ndinatsegula sitetimenti ya ku banki n'kuyamba kuitsata mzere ndi mzere, kuchokera tsiku lomwe gemuyi inalowa mufoni mwanga. Ndinapeza kuti ndalipira ka 47 m'miyezi 14. Nditaphatikiza, ndalamazo zinaposa mtengo wa foni yomwe ndimasewererayo. Panalibe tsiku limene ndinatulutsa ndalama yoti n'kudzidzimuka nayo. Zinkachoka pang'onopang'ono, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolodi. N'chifukwa chake ndabweranso kudzakonza zomwe ndinalemba poyamba paja, zoti gemuyi ndi yabwino, ndi yaulere, ndipo m'sitolo yake mumalowa ofuna okha.

Zabwino zake sindizikana. Imayenda bwino ngakhale pafoni yakale. Netiweki ikaduka imakubwezerani pomwe munali, sikutayani. Apudeti imabwera mwezi ndi mwezi, ndipo ochita chinyengo amawachotsa msanga. Timasewera asanu asanu, ndipo ena mwa anthu omwe ndinakumana nawo mmenemo ndi anzanga enieni tsopano. Batire imadya, foni imatentha, koma magemu onse otere ndi momwemo.

Chomwe chandibweza ndi sitolo yake.

M'sitolomo simugula chinthu ndi ndalama zenizeni. Mumayamba mwagula miyala, timiyala tabuluu tonyezimira, kenako miyalayo ndi yomwe mumagulira zinthu. Amaigulitsa m'mapaketi: ya 500, ya 1,100, ya 2,300 ndi ya 6,000. Chovala chabwino cha ngwazi yomwe mumasewera nayo chili pa 1,200. Taonani bwino manambalawo. Mukagula paketi ya 1,100, yaperewera 100. Muwonjezere ya 500, mugule chovalacho, mwatsala ndi 400. Miyala 400 siigula chovala chilichonse, koma bokosi la mwayi, lomwe osewera timangoti loot box, ndi 150. Mutsegule awiri, mwatsala ndi 100. Ndiye 100 ameneyo amakhala pakona ya sikirini tsiku ndi tsiku, kukukumbutsani kuti pali ndalama zanu zangogona. M'miyezi 14 yonseyi sindinaionepo akaunti yanga ili pa ziro. Poyamba ndinkayesa kuti zimangochitika. Pano ndikukhulupirira kuti alipo amene anakhala pansi n'kuwerengera dala kuti manambalawo asamakumane.

Chinanso n'chakuti miyala siipweteka. Munthu ukamatulutsa ndalama m'thumba umamva kuti chinachake chachoka. Koma kudina 150 ya timiyala tabuluu sumva kanthu, ndipo pakati pa masewera, anzako akukudikira, ndani angayime n'kuyamba kuwerengera kuti miyala 150 ndi ndalama zingati?

Miyezi 5 yoyambirira m'mabokosimo munali zovala ndi zokongoletsa basi, zosasintha kanthu pankhondo. Pamenepo mawu anga aja anali oona. Kenako apudeti ina inabweretsa ngwazi zatsopano zamphamvu kuposa zakale, zopezeka m'mabokosi mokha kwa masabata awiri. Kuyambira pomwepo amene wagula ndiye amapambana kawirikawiri, ndipo wosagula amazimva yekha kuti akulemetsa timu.

Usiku umene sindidzauiwala unali wa m'mwezi wa 9. Anatulutsa ngwazi yomwe timu yathu inkaisowa kwambiri, yochiza anzake pankhondo, ndipo ine ndi amene ndimagwira ntchito imeneyo m'timumo. Pansi pa bokosi analemba kuti mwayi woipeza ndi 1 pa 100, koma ukatsegula mabokosi 80 osaipeza, la 80 likupatsa ndithu. Masiku oyamba ndinatsegula 20 ndi miyala yomwe ndinali nayo. Zinatuluka ndi tinthu tomwe ndinali nato kale, n'kusanduka fumbi logulira zinthu zopanda pake. Tsiku lomaliza anzanga atatsanzika ndinatsala ndekha, wotchi yofiira pamwamba ikuwerenga maminitsi otsala. Ndinagula paketi. Bokosi limagwedezeka, limawala, nyimbo imakwera, nthawi zina kuwalako kumafika pa mtundu wagolide kenako n'kubwerera. Mtima umagunda ngati watsala pang'ono, chonsecho zotsatira zake kompyuta inali itasankha kale pomwe unadina. Ndinagula paketi ina. Nditafika pa 50 sindinkafunanso ngwaziyo kwenikweni, ndinkangofuna kuti zomwe ndataya kale zisapite padera. Nditafika pa 66 khadi inakana, ndalama za tsikulo zakwana. Ndinagona ndikudzilimbitsa mtima kuti palibe kanthu, 66 wanga akhala pomwepo, ngwazi ikadzabweranso ndidzangowonjezera 14.

M'mawa nambala ija inali pa ziro.

Ndinakhala nthawi yaitali nditangogwira foni. Pambuyo pake ndinatenga cholembera n'kuchita samu yomwe ndikanayenera kuchita ndisanayambe. Anthu ambiri timaganiza kuti 1 pa 100 ndiye kuti ukatsegula 100 upeza basi. Sizili choncho. Bokosi lililonse limayamba palokha, silikumbukira lomwe lapita. Anthu 100 atatsegula mabokosi 100 aliyense popanda lonjezo la 80 lija, pafupifupi 37 angatuluke chimanjamanja. Pa mabokosi 66 omwe ndinatsegula ine, oposa theka la anthu sapeza kanthu. Tsono silinali tsoka langa ayi, zinayenda momwe anazikonzera. Ndipo pafupifupi 45 pa 100 alionse amakafika mpaka pa bokosi la 80, kutanthauza kuti kwa iwowo mtengo weniweni wa ngwaziyo ndi miyala 12,000, kuchulukitsa ka 10 mtengo wa chovala chapamwamba. Nambala imeneyo sanailembe paliponse m'sitolomo.

Ngakhale 1 pa 100 yemweyo sanamulembe chifukwa chotikonda. China inalamula mu 2017 kuti mwayi wa m'mabokosi uzionetsedwa, Apple inaika lamulo lomwelo kwa opanga magemu a m'sitolo yake mu December 2017, Google n'kutsatira mu 2019. Wosewera ulibe njira yotsimikizira kuti nambala yalembedwayo ndi yoona. Ku South Korea, mu January 2024, bungwe loona za mpikisano pamalonda linalipitsa kampani ya Nexon chindapusa cha ma won 11.6 biliyoni, ndalama za kumeneko, chifukwa chosintha mwayi wa zinthu mu gemu ya MapleStory osauza osewera. Sindikunena kuti gemu yangayi imachita zimenezo. Ndikungoti umalipira uli wophimbidwa m'maso.

Ndinawalembera eni gemu. Ndinafotokoza mwaulemu, ndinaika zithunzi za sikirini ndi malisiti. Patatha masiku 4 inabwera imelo yoti akumvetsa kukhumudwa kwanga, koma malamulo akunena kuti kuwerengako kumatha nyengo ya ngwaziyo ikatha. Ndinakafufuza, analembadi, kuseri kwa kabatani kakang'ono, kumapeto kwa tsamba lalitali, m'tizilembo totuwa. Pomwe lonjezo la 80 lija linali m'zilembo zikuluzikulu zagolide pamwamba pa bokosi. Ndinalembanso kuti sindikupempha ngwazi yaulere, angondibwezera 66 wanga pomwe anali. Yankho linali lomwelija, liwu ndi liwu, dzina lokha la wolemba ndi lomwe linasintha. Kachitatu anatseka nkhaniyo n'kundiponyera miyala 300 ya pepani. Miyala 300 ndi mabokosi awiri. Munthu wabwera kudzadandaula za mabokosi, inu n'kumupatsa mabokosi ena awiri. Zimenezo zinandipweteka kuposa ziro uja.

Sabata imeneyo ndikanalemba, ndikanati aliyense aichotse lero lomwe. Koma ndinene zoona zonse. Patapita miyezi iwiri foni inanditerereka, chala n'kugunda batani logulira chovala chomwe sindinkachifuna, ndipo gemuyi siifunsa kawiri. Ndinalemba ndilibe chiyembekezo. Tsiku lomwelo anandiyankha munthu weniweni, amene anaonetsa kuti wawerenga zomwe ndalemba, anachotsa chovalacho n'kundibwezera miyala yanga yonse 1,200. Ndinasangalala, moti usiku umenewo tinasewera mpaka mochedwa, ndikudziuza kuti mwina ndinawaweruza msanga. Pano ndikaganiza ndimaona kusiyana kwake: miyala amabweza mosavuta chifukwa ibwerera kwa iwo omwe. Ndalama sanandibwezerepo ngakhale kamodzi. Nkhani ya mabatani ogula mwangozi ndi yomwe inachititsa kuti Epic Games, eni gemu ya Fortnite, avomere mu December 2022 kupereka madola 245 miliyoni obwezera osewera ku America, bungwe la boma loteteza ogula la FTC litawasumira. Kumeneko zinabwezedwa ndi ndalama, osati miyala.

M'timu mwathu timatsutsana ngati iyi ndi juga. Mmodzi amati si juga chifukwa bokosi silituluka lopanda kanthu ndipo sungapambane ndalama. Maiko nawonso sagwirizana. Belgium inagamula mu 2018 kuti mabokosi ogulidwa ndi ndalama ndi juga, moti kampani ya EA inasiya kugulitsa FIFA Points, ndalama za mugemu yake ya mpira, kumeneko kumayambiriro a 2019. Ku Netherlands analipitsa kampani yomweyo chindapusa, koma khothi lalikulu linachithetsa mu 2022. Ine za makhothi ndizisiya. Ndikudziwa zomwe ndinkamva m'chifuwa usiku uja pakati pa bokosi la 50 ndi la 66, ndipo sizinali zosangalatsa za masewera.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti njira ina ilipo. Gemu ya Rocket League inachotsa mabokosi ake mu December 2019, munthu n'kumaona chomwe akugula asanalipire. Opanga gemu ayenera kudya, maseva amalipiridwa, ojambula amalandira malipiro, ndipo ine sindikana kulipira. Akanaika ngwazi ija pa mtengo woonekera, wa ndalama zenizeni, ndikanaigula kapena kuisiya ndi mtima umodzi. Battle pass yawo, yomwe umalipira kamodzi n'kumalandira mphoto pang'onopang'ono ukamasewera, ndimaionabe kuti ndi yachilungamo, chifukwa zonse zomwe upeze zimaoneka usanagule. Pa malipiro anga 47 aja, a battle pass okha ndi omwe sindikunong'oneza nawo bondo.

Alamu ndinawaimbira foni, chifukwa nkhaniyi inali yosakwana mu uthenga. Ndinati: "Alamu, mwanayo ali ndi zaka 12. Ine wamkulu, wodziwa kuvuta kwa ndalama, zinandigonjetsa. Mukamuikira, khadi yanu isakhale mufonimo, ikani pasiwedi pa kugula kulikonse, ndipo mumuuze lero lomwe kuti mabokosi ayi." Ndinawauzanso kuti asanaike gemu iliyonse aziyang'ana mawu akuti "Includes Random Items", omwe ESRB, bungwe la ku America loika msinkhu woyenera pa magemu, linayamba kulemba mu 2020, chifukwa ndiye chizindikiro cha mabokosi amenewa. Anadabwa nditawauza kuti mu January 2025 eni gemu ya Genshin Impact anavomera kulipira madola 20 miliyoni ku America, komanso kusiya kugulitsa mabokosi kwa ana osakwana zaka 16 popanda chilolezo cha makolo, ndipo limodzi mwa madandaulo ake linali lomweli la ndalama za mugemu zobisa mtengo weniweni. Anakhala chete pang'ono, kenako anati ayamba akambirana ndi mayi ake a mwana.

Ineyo gemuyi sindinaichotse. Lachisanu lililonse anzanga amandidikira, ndipo sindingawasiye chifukwa cha sitolo. Ndimasewera ndi ngwazi zakale, timaluza kuposa kale, ndipo masiku ena zimandinyansa. Nyenyezi zisanu zomwe ndinapereka poyamba ndazitsitsa kufika pa ziwiri, ndipo ziwirizo ndi za masewera enieniwo ndi munthu mmodzi uja amene anawerenga kalata yanga. Khadi ndinaichotsa usiku womwe ndinaona sitetimenti. Patangopita masiku atatu foni inalira: paketi ya miyala 6,000 pa theka la mtengo, ya ine ndekha, itha pakadutsa maola 24. 66 wanga uja sanandibwezerebe mpaka lero.