Chaka chatha ndikulemba makolo anga pa intaneti, ndipo banki yandidzidzimutsa

Lachiwiri m'mawa foni inalira ndili pamzere kuchigayo pa Kamwendo. Ndimayesa ndi malipiro alowa, koma unali uthenga wa ku banki woti ndalama zatuluka. Eni webusaiti ya kaundula wa makolo yomwe ndimalembapo adzitapira okha ndalama ya chaka chachiwiri. Nditalembetsa mu Seputembala 2023 ndinalemba ndemanga yoiyamikira kwambiri, ndiye ndati ndibwerenso ndinene momwe zayendera.

Kwa amene simunaionepo, kaundulayu ndi mmodzi, wa anthu onse. Womwalira aliyense amakhala ndi tsamba limodzi, ndipo aliyense wolembetsa angathe kulikonza, kaya ali ku Mkanda kaya ku London. Kulemba ndi kwaulere. Olipira amaloledwa kufufuza m'mapepala akale ndi kusunga zithunzi zambiri.

Zithunzi zimalowa ngakhale netiweki ikuvuta. Masamba a anthu amoyo saoneka kwa alendo. Pa chaka chobadwa amalola kulemba "cha m'ma", zomwe zinandithandiza pa agogo aakazi, amene amangodziwa kuti njala ya 1949 inawapeza atangotha msinkhu, pomwe tsiku la pa chiphaso chawo cha 2017 ndi longoganizira. Apa ndilibe dandaulo.

Vuto ndi lakuti makinawa sadziwa kulowa dzina. Kwathu nyakwawa ikamwalira, dzina silipita nawo kumanda. Mbumba imakhala pansi n'kusankha mphwa, mwana wa mlongo wa malemuwo, ndipo iyeyo amayamba kutchedwa dzina lomwelo. M'banja mwathu muli anthu awiri otere: akuluakulu amene anabadwa cha m'ma 1890, ndi mphwa wawo amene analowa dzinalo n'kudzamwalira mu 1988. Dzina limodzi, mudzi umodzi. Webusaiti ikaona choncho imaika kachikwangwani kuti awiriwa mwina ndi munthu mmodzi, pansi pake batani lowaphatikiza. Mu Disembala wina anadina.

Ndinazitulukira ndili pakhonde kwa malume, ndikufuna kuwanyadira ntchito yanga. Potsegula tsamba ndinapeza munthu mmodzi wa zaka pafupifupi 100, akazi asanu, ndipo mlongo wake wasanduka mayi ake. Malume anavala magalasi, foni anaigwira patali, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenaka anangoti zii. "Mphwanga, izi akuziwerenga ndi anthu ena?" Ndinati inde, aliyense. "Ndiye tsiku la mlandu wa ufumu wina adzabwera nazo kubwalo, ati zinalembedwa." Ndinalibe choyankha. Amene munaonapo mkangano wa ufumu kapena wa munda kuno ku Mchinji mukudziwa kuti kapepala kalikonse kamasanduka mboni.

Kuphatikiza ndi kudina kamodzi, koma kulekanitsa kunandidyera madzulo onse ndi bandulo yonse. Umapita pa mbiri ya zosintha, kudzutsa tsamba lomwe lafafanizidwa, kenaka mkazi aliyense ndi mwana aliyense kumubweza kwa mwini wake mmodzimmodzi. Ndinalembapo chenjezo m'zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti awa ndi malume ndi mphwa. Mu Febuluwale anawaphatikizanso. Mu Epulo chimodzimodzi. Kachikwangwani kaja kamabwerera kwa aliyense watsopano, ndipo chenjezo langa limakhala pansi penipeni pomwe munthu wothamanga safika.

Palinso tina tokwiyitsa. Ndinalemba kuti agogo anabadwira ku Fort Manning, dzina la Mchinji nthawi ya atsamunda, wina n'kudzakonza kuti Fort Jameson, komwe ndi ku Chipata, kutsidya kwa Mwami. Winanso anatenga Naphiri ngati dzina loyamba, n'kuwapatsa mfunda wa amuna awo. Agogo akanamva zimenezo bwenzi atafunsa kuti anawagula liti.

Ndinalembera eni webusaiti katatu kupempha kuti masamba awiriwo awatseke. Yankho limabwera msanga, laulemu, koma lofanana ngati lodindidwa: kaundula ndi wa onse, kambiranani ndi mnzanuyo. Za kulowa dzina ndinafotokoza bwinobwino, palibe anazigwirapo.

Kachinayi, mu Juni, ndinapsa mtima n'kumulembera wophatikizayo mawu owawa ndithu. Anayankha patapita masiku awiri m'Chichewa chothyokathyoka, kuyamba ndi "Pepani akulu". Ndi bambo wa ku Bulawayo. Agogo ake anachoka kuno m'ma 1950 kukafuna ntchito ku Southern Rhodesia, n'kutchona. Chomwe anasiyira adzukulu ndi dzina la nyakwawa ndi la mudzi basi, ndiye iye ataona dzinalo kawiri anayesa akundithandiza. Ananditumizira chithunzi cha agogo akewo atavala jekete, chipewa chili m'manja. Malume atachiona sanafunse n'komwe. Anatchula dzina lawo laubwana, n'kunena kuti ndi mng'ono wa uja analowa dzina, amene mbumba inamulira kalekale popanda maliro. Usiku umenewo ndikanalemba ndemanga, ndikanapereka nyenyezi zonse zisanu.

Koma lero ndikulemba ndi uthenga wa ku banki m'manja. Mbale wa ku Bulawayo ndinamupeza kudzera pa mauthenga, omwe ndi aulere. Mapepala akale omwe ndimalipirira ndi odzaza ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America. Chaka chonse sindinapezemo wa kwathu ndi mmodzi yemwe. Za ubatizo wa agogo ndinachita kukwera kabaza kukafunsa ndekha ku Guilleme. Mtengo m'madola sunasinthe, koma ndinkalipira dola ili cha pa K1,180, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 inafika pa K1,700. Ndalama yomwe yachokayi ndi yomwe ndimasonkhanitsira feteleza, mvula ili pafupi.

Ndawalembera kuti andibwezere. Akuti ndinavomera ndekha polembetsa kuti azidula chaka ndi chaka, ndipo n'zoona, kabokosi kake kanali kochongeratu ine osakaona. Kubweza akana, koma akuti chaka chamawa adzandichotserako mtengo. Ndawauza kuti asavutike, ndipo khadi yanga ndaichotsamo. Kulemba ndipitiriza mbali yaulere, chifukwa wa ku Bulawayo uja akuti abwera pa Khirisimasi kudzaona manda, ndipo tagwirizana kuti masamba awiri aja tiziwalondera mosinthana, iye Lachitatu, ine Lamulungu. Malume okha agula kope la masamba 96 pagolosale, akuti ndiwakoperemo mayina onse ndi bolopeni, lizikhala m'sutikesi mwawo.