Lucky bamboo m'thanki ya nsomba, titadutsa chisanu ndi dzuwa la Okutobala

Timitengo ta lucky bamboo timakhala bwino m'thanki ya nsomba bola masamba ake akhale kunja kwa madzi, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kukongoletsa. Zimene ogulitsa ena amanena, zoti timayeretsa madzi mpaka munthu kuiwala fyuluta, kapena zoti timapatsa nsomba mpweya malaiti akapita, ndi mawu otsatsira malonda chabe. Thanki yanga ili nato pafupifupi chaka tsopano kuno ku Chipata. Tadutsa chisanu cha Juni ndi Julayi, tadutsanso kutentha kwa Okutobala, ndiye ndikhoza kulankhulapo.

Thankiyo ndi ya malita 60, ili pakona m'chipinda chochezera, kutali ndi zenera. Muli tinsomba ting'onoting'ono totchedwa ma guppy, timiyala pansi, ndi fyuluta ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya. Timitengoto ndinagula ku Lusaka kwa wogulitsa maluwa, titamangidwa pamodzi ndi kawaya konyezimira. Kawayako chotsani musanaike m'madzi, kamafinya tsinde ndipo chitsulo chake chimachita dzimbiri.

Chomerachi si nsungwi ayi, ngakhale chili ndi mfundo zofanana nazo. Dzina lake la sayansi ndi Dracaena sanderiana, kwawo ndi kunkhalango za pakati pa Africa, chakumtunda uko ku Cameroon, komwe chimamera pamthunzi wa mitengo ikuluikulu. N'chifukwa chake sichivuta kuwala. Mwana wa mlongo wanga ataona thankiyo anati, "Amalume, ndalama zonsezo mpaka ku Lusaka, nsungwi zili mbwee kumudzi?" Anakadula zaziwisi, n'kuziimika m'chidebe cha madzi kuti andionetse. Sabata isanathe masamba anali atapiringizika, pamwamba pa madzi panayandama zoterera zoyera, ndipo fungo lake linatithamangitsa pakhonde. Nsungwi yeniyeni, ija timalukira malichero ndi nkhokwe, ndi mtundu wa udzu. Mukaidula n'kuiviika imangowola, ndipo zowolazo m'thanki ya nsomba ndi poizoni.

Nkhani yaikulu ndi ya masamba. Kumene ndinagulako anali ndi thanki yoonetsera momwe timitengo tonse tinamira, masamba omwe, ndipo tinkaoneka bwino kwambiri. Ndinasiya dala tiwiri tatifupi pansi pa madzi kuti ndione mmene tithere, tinato ndinatiimika tsinde m'timiyala, mutu kunja. Tomirato sitinafe msanga. Miyezi yoyamba tinangokhala chete, tobiriwira ndithu koma osatulutsa tsamba latsopano ngakhale limodzi. Kenako ndere inayamba kumata pamasamba, nsonga zinayezuka, ndipo tsiku lina nditagwira tsinde la kamodzi chala chinalowa. M'kati munali mutafewa, mwachikasu, mukununkha. Kanzake ndinakakwezera m'mwamba masamba ali pamphepo, ndipo kanachira, mpaka pano kalipo. Chinyengo chake chili pamenepa: chomerachi chimapirira nthawi yaitali chisanaonetse kuti chikufa, moti wogulitsa amakhala atagulitsa kale, inunso mwajambula kale zithunzi n'kuika pa Facebook. Choncho pogula yezani kuya kwa thanki yanu, mugule timitengo totalika kuposa pamenepo, mfundo yomaliza imene patuluka masamba ikhale pamwamba pa madzi.

Zimenezi zimabweretsa vuto la chivundikiro, limene palibe amakuuzani. Mitu ikatulukira kunja thanki singatsekeke, ndipo ma guppy amalumpha. Ine ndinadula pulasitiki yoonekera, ndinasiya mpata wa zala zitatu kumbuyo kokha. Mpatawo ndi wochepa, komabe mu Okutobala madzi amaphwera msanga ndipo mumakhalira kuwonjezera.

Mizu ndiyo yandisangalatsa kuposa masamba. Imatuluka yoyera, yonenepa, ikakhwima imasanduka yofiirira ngati karoti. Ena akaona mtundu umenewo amaganiza kuti yadwala n'kuidula, pamene ndi mmene mizu yathanzi imakhalira. Yowola imakhala yakuda, yofewa, mukaikoka imasupuka khungu. Kamtengo kamodzi sindinakakwirire m'timiyala, ndinangokamangirira pakhoma la galasi mizu ili lende m'madzi, ndipo pamenepo ndi pomwe tiana ta guppy timathawira. Ma guppy amabereka ana amoyo n'kuyamba kuwadya okha, ndiye m'mawa mukaunika mumaona timaso tating'onoting'ono tili phee pakati pa mizu, zazikulu zikuzungulira kunja osatha kulowa. Chiyambire mizuyi kuchuluka, ana opulumuka achuluka mpaka ndikugawira anthu.

Tsopano za kuyeretsa madzi. Zitosi za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, mabakiteriya a m'fyuluta amamusandutsa nayitireti, ndipo nayitiretiyo ndi chakudya cha zomera. Ndi zoona kuti lucky bamboo amadyako. Koma chomera chimadya molingana ndi kakulidwe kake, ndipo ichi n'chaulesi pokula, tsamba limodzi limatenga masabata kuti litambasuke. Pofuna kuyerekeza ndinaika mbatata pakona ina, kunsi kwake kokha kutakhudza madzi. Isanathe miyezi iwiri mizu yake inali itadzaza mbali yonseyo, kholowa akuyanga kulunjika kuzenera, ndipo ndere pagalasi inachepa moonekeratu, zimene timitengo tija sitinachite miyezi yonse. Mbatata ya pamsika wa Saturday Market kuno ku Chipata inaposa chomera cha ku Lusaka. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna kuwala kwambiri, imafuna kudulira pafupipafupi, ndipo yokha ikayamba kufewa muyenera kuichotsa msanga. Kunyumba anandiuza kuti pabalaza si padimba, choncho inatuluka. Kusintha madzi sindinasiye, sabata iliyonse ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi n'kuthira atsopano.

Madzi atsopanowo ali ndi nkhani yake. A pampopi amakhala ndi kolorini, amene amapweteka nsomba ndi mabakiteriya a m'fyuluta, ndipo chomerachi nacho chimadana naye, nsonga za masamba zimapsa n'kuuma. Ndimatunga lero, agone m'ndowa yosavundikira, ndithire mawa. Amene mumagwiritsa ntchito madzi a pachitsime kapena pamjigo, mukaona nsonga zikupsabe pamene kolorini mulibe, kaikirani fluoride, mchere wachilengedwe umene umapezeka m'madzi ena apansi pa nthaka. Zomera za mtundu wa Dracaena zimamumva msanga, ndipo iyeyo sachoka ngakhale madzi agone masiku angati. Nthawi ya dzinja madzi amvula otungidwa bwino, osati oyamba kutsuka malata, mukasakaniza ndi enawo amathandiza.

Chisanu sichinaphe kanthu. Thanki yanga ilibe hita, ndipo Juni ndi Julayi timitengo tinangoima osakula, masamba awiri atatu akunsi anachita chikasu n'kugwa. Kutayamba kufunda mu Seputembala mphukira zinatulukanso.

Okutobala ndiye anaulula bodza la mpweya. Chiyambire chilala cha 2024 chija chinatsitsa madzi kudamu la magetsi la Kariba, tonse tikudziwa kukhala maola ambirimbiri opanda malaiti, ndipo munthu woweta nsomba amazimva kawiri. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, pampu nayo yaima. Masana ena ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba kukamwa kuli yasa, timitengo tili chilili pambali pake tobiriwira bwino. Mpweya umene masamba amatulutsa umapita m'chipinda, popeza masambawo ali kunja, ndipo mizu nayo imapuma, imatengako womwewo wa m'madzi. Chimene chinathandiza ndi kapu: kutunga madzi a m'thanki momwemo n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu, mobwerezabwereza. Pambuyo pake ndinapeza kapampu kakang'ono ka USB kamene kamayendera power bank, ndipo masiku otero ndimachepetsa chakudya. Ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha, kapampuko kapena timitengo, gulani kapampu.

Pali nyumba zimene sindingalangize kuti muike chomerachi. Ngati muli ndi mphaka kapena galu wokonda kutafuna masamba, dziwani kuti masamba a chomerachi ali ndi poizoni wa saponin amene amasanzitsa ndi kuchuchitsa dovu, ndipo mphaka amakopeka ndi masamba olendewera pamwamba pa nsomba. Nsomba zanga sizinaonetse vuto lililonse. Ma goldfish amabudula mizu yanthete. Amene mumaweta mbuna za ku Nyanja ya Malawi, poti Mwami, chipata cholowera ku Malawi, ndi pafupi ndipo ambiri mumazikonda, mbunazo zimakumba pansi ndipo kamtengo mudzakapeza kakuyandama m'mawa, pokhapokha mutakapanikiza ndi miyala ikuluikulu.

Mitengo ya lucky bamboo yopotana ija, imene imadula kuposa yowongoka, musayembekezere kuti ipitiriza kupotana. Alimi ake amaipinda poitembenuza pang'onopang'ono pamene ikutsata kuwala, ndipo mphukira zatsopano zimangokwera chowongoka. Tsinde lodulidwa kale pamwamba silitalikanso, chimene chimakula ndi mphukira ya pamfundo. Mphukirayo ikafika kutalika kwa chikhatho ndimaidula ndi lezala yatsopano pafupi ndi tsinde, ndimaiika m'botolo la madzi a m'thanki momwemo, ndipo pakatha masabata angapo imatulutsa mizu yake. Pachilonda pamene ndadulapo ndimadonthezapo kandulo kuti pasalowe zowoletsa, ndipo pafupi ndi pomwepo pamaphukanso ina.