Thanki ya makorali kuno ku Chipata: pomwe shopu ya ku Lusaka inandithandiza ndi pomwe inandigwetsa

Ndasunga nsomba za mbuna za ku Nyanja ya Malawi zaka zambiri, zija zachikasu ndi zabuluu zongothamangitsana m'miyala tsiku lonse, ndiye nditayamba kulota thanki ya madzi a mchere ndimaona ngati ni nkhani yongothira mchere m'madzi basi. Amayi a kunyumba anandiseka, ati inu atate a ana nyanja ya mchere munaiona liti, kuno olo Luangwa weniweniyo mpaka ukwere galimoto. Zoona anali nazo koma ine mtima unali utapita kale.

Dzina la shopu sinditchula. Ili ku Lusaka, amagulitsa nsomba za m'magalasi, ndipo ali ndi sevisi yoti amakupangira pulani ya thanki yonse, katundu amakutumizira pa basi, kenako mnyamata wao amabwera kudzamanga miyala ndi kulumikiza mapaipi. Ni sevisi imeneyi ndifuna ndikambepo manje poti thanki yadutsa nyengo ya kuzizira komanso Okutobala, yaona zonse.

Tinayambira pa WhatsApp. Ine ndinafika ndi zithunzi za makorali owala aja, zamoyo za m'nyanja ya mchere zomera pamiyala ngati maluwa, mnyamata sanazione nkomwe, funso lake loyamba ati amdala, malaiti kwanu amapita maola angati? Ndinakwiya pang'ono poti ndimafuna tikambe za nsomba, koma tonse tikukumbukira 2024, chilala chija madzi atatsika ku Kariba mmene tinakhalira mumdima pafupifupi tsiku lathunthu. Anandifotokozera kuti mbuna zimapirirako koma thanki ya makorali madzi akangoima maola ochepa mpweya umatha, ndipo zimayamba kufa nsomba, kenako tizilombo ta m'miyala, kenako fungo lokhalokha. Ndiye ndalama yoyamba sinapite ku galasi ai, inapita ku inveta ndi batire, ndikulumikiza ku sola imene tinali nayo kale. Anandiuzanso chinthu chimene ndekha sindikanaganiza: pa inveta muikepo mapampu chabe, hita ai, chifukwa hita ya 200W imadya batire kuposa mapampu onse pamodzi, ka wavemaker, kapampu koyendetsa madzi, kamodzi sikafika olo 20W. Apa pokha ndimawapatsa ulemu anthu awa, akanatha kungondigulitsa zonyezimira ine ndikusangalala sabata ziwiri.

Thanki yanga yakale anaikana. Ndimafuna kusunga ndalama koma atamva kuti ndinathiramo mankhwala a mbuna okhala ndi kopa anati iyai, kopa amapha makorali, nkhono ndi ma shrimp olo akhale ochepa bwanji, musayese. Tinagula yatsopano, 90 cm mulitali, 45 mulifupi, 50 msinkhu, ndiye malita ngati 200, pansi pake pali sampu, kathanki kachiwiri kobisika mukabati momwe mumakhala skima yochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu, hita ndi pampu yobweza madzi. Tebulo anawotcherera achimwene ena a kuno konkuno ndi zitsulo, madzi okhawo ni makilogalamu opitirira 200 musanaonjeze miyala ndi mchenga, tebulo la pa sitingirumu lija lingakuphereni mwana.

Madzi ndiye nkhani ina. Wa pampopi kapena wa pa borehole ati musayerekeze, anandipatsa makina osefa madzi a RO/DI ndi ka TDS mita koyezera zosungunuka m'madzi, madzi akamatuluka kakuyenera kuwerenga 0. Makinawa amadontheza pang'onopang'ono ndipo madzi otayika amachuluka kuposa abwino, ife timawathira ku dimba la repu kuseri, amayi pamenepo pokha ndi pomwe anayamba kuiona bwino nkhaniyi. Mchere si wa ku Kapata maketi ai, ni wapadera wa thanki, umabwera mu bakete, umasungunula magalamu ngati 35 mpaka 38 pa lita mpaka muyezo wa mchere ufike 1.025 kapena 1.026.

Manje pa miyala, apa ndi pomwe mnyamata uja anandionetsa kuti ntchito amaidziwa. Anafika ndi basi ya m'mawa atatopa, Great East Road ija makilomita opitirira 500 si masewera, anadya nsima ndi kapenta, kusamba m'manja ndikuyamba. Ine ndinali nditatola kale miyala yanga yokongola ya kuphiri, kuitsuka bwinobwino ngati mmene ndimachitira ndi mbuna. Ananyamula umodzi dzanja ili, wake dzanja linalo, ndikundipatsa ati amdala imvani nokha. Wanga wolemera ngati tchimo, wake wopepuka, mabowo okhaokha ngati chisa cha chiswe. Ati mabowo awa ndiye nyumba ya mabakiteriya amene amasandutsa ammonia, poizoni yochokera ku zonyansa za nsomba, kukhala nitrite kenako nitrate, mwala ndiye fyuluta yeniyeni ya thanki, ndipo wa kuphiriwo sitidziwa muli zitsulo zanji mkati. Yanga inakathera ku maluwa.

Sanamange mu thanki mwachindunji. Anajambula kukula kwa thanki pa katoni pansi pa khonde, ndikumasanja miyala pamenepo, kuchotsa, kutembenuza, kuphwanya wina ndi hamala ndi chizulo, maola atatu athunthu ine ndikungoyang'ana. Ine ndimafuna khoma lalikulu kumbuyo kodzaza, iye anakana ati khoma limasunga zinyalala kuseri ndipo madzi sayenda. Anapanga milu iwiri, wakumanzere wautali wokhala ndi phanga ndi kashelefu kotulukira kutsogolo, wakumanja waufupi, pakati kusiya njira ya mchenga yopendekera. Mbali zonse anasiya mpata woti dzanja ndi maginito opukutira galasi zidutse. Anamata ndi supa guluu ya jelo ndi epoxy, ndipo miyala inakhala pa galasi penipeni mchenga ndikubwera pambuyo, chifukwa ati nsomba zina zimakumba, ukaika mwala pamwamba pa mchenga tsiku lina udzaupeza utagwera galasi. Tsiku limenelo thanki inkaoneka yopanda kanthu, ndinadandaula kuti ndalama zonsezi timiyala tochepa chonchi? Anaseka ati makorali amakula amdala, asiyireni malo. Lero ndikayang'ana kashelefu kaja kadzaza ma zoa, timakorali tonga timaluwa, mpaka mwala sukuoneka, ndimangoti mwana uja anali ndi maso.

Pa ma zoa pomwepo anandichenjeza chinthu choopsa, ena mwa iwo makamaka ma Palythoa ali ndi poizoni yotchedwa palytoxin, ukamawagwira uvale magolovesi, usagwire m'maso, ndipo mwala wa mu thanki usauwiritse pamoto olo tsiku limodzi poti nthunzi yake ingagoneke banja lonse kuchipatala. Kwathu kuno chilichonse chokayikitsa timathira madzi otentha, ndiye ndinauza aliyense panyumba mpaka mtsikana wothandiza ntchito.

Mapampu oyendetsa madzi anaika awiri moyang'anizana, onse pamodzi amatembenuza madzi a thanki kopitirira ka 20 pa ola. Skima imagwira bwino, zimene imatulutsa mukakapu kake zimanunkha koopsa, basi palibe zambiri zokamba.

Laiti ndiye pakatikati. Ni LED yokhala ndi ma channel awiri, buluu ndi yoyera, yolendewera pamwamba pa madzi. Makorali mkati mwao muli ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae zimene zimapanga chakudya ndi kuwala, ndipo buluu ndi amene amalowa kwambiri m'madzi a nyanja, nchifukwa chake mathanki awa amaoneka ngati disko. Laitiyo payokha ni yamphamvu, kwa makorali ofewa ngati ma zoa, ma mushroom ndi leather ikukwana ndi kutsala. Vuto ndi loti mnyamata anaisiya pa mphamvu yaikulu kwambiri pochoka, sanandiuze kuti nthawi ya cycle, masabata 4 mpaka 6 oyambirira odikira kuti mabakiteriya achuluke thanki ikadali yopanda nsomba, laiti sifunika kwenikweni. Ine ndimayatsa kuyambira m'mawa mpaka usiku kuonetsa alendo, mapeto ake miyala yonse yoyera ija inasanduka bulauni, kenako ndere zobiriwira zazitali ngati tsitsi. Ena amati bulauni uja amabwera ndithu mu thanki iliyonse yatsopano, chabwino, koma tsitsi lija ndinalima ndekha ndi laiti. Nditaimba foni ndi pomwe anati tsitsani mphamvu, muike tayimala maola 8 kapena 9, muzikweza pang'onopang'ono. Mawu amenewa akanawalemba pa pepala tsiku loyamba bwenzi ndisanakhale mwezi wathunthu ndi mswachi m'manja.

Pomwe anandigwetsa kwenikweni ni pawiri. Poyamba mu katundu anaikamo ka hydrometer koyezera mchere, kapulasitiki ka muvi kaja, kakagwira thovu kamanama. Ine kukhulupirira, kumaonjeza madzi a mchere madzi akatsika, osadziwa kuti chimauluka ni madzi chabe mchere umatsala, pobwezeretsa uyenera kuthira a RO opanda mchere. Ma mushroom anayamba kufota, ndinachita kuitanitsa refractometer, chida china choyezera mchere molondola, padera ndikupeza mchere wakwera kwambiri. Shopu imene imadziwa kufunsa za inveta siyenera kupatsa munthu woyamba kachida ngati kameneko.

Chachiwiri ni kutentha. Pulani yonse inali ndi hita, ndipo mu Juni ndi Julayi inagwira ntchito poti usiku kuno kumazizira ndithu. Koma za Okutobala palibe anatchula. Thanki imafuna 24 mpaka 26, nyumba yanga ya malata yopanda siling'i yabwino masana madzi anafika pa 30, leather yanga inatseka osatsegulanso, korali imodzi ya hammer imene ndinaikonda maningi inayera ndikusiya chigoba. Ndinathamanga kukagula mafani awiri ang'onoang'ono kuwalozetsa pamwamba pa madzi ndi mu sampu, kuchotsa chivindikiro, kuponyamo mabotolo a madzi oundana a mu firiji masana, laiti ndikuisinthira madzulo. Zinatsika ndithu koma madzi amauma mwachangu, tsiku lililonse chigubu m'manja. Nditawauza anapepesa bwino ati chiller, makina oziziritsa madzi, ndiye yankho, koma mtengo wake ndi magetsi amene imadya, pa batire yanga sizingatheke. Nanga poyamba paja pofunsa za kupita kwa malaiti analephera bwanji kufunsa kuti nyumba imatentha motani, munthu wa mu Zambia momuno amene mwezi wa Okutobala amaudziwa?

Nsomba zinafika bwino, ma clownfish awiri mu mapulasitiki a oxygen mkati mwa cooler box, kondakitala anandiimbira basi isanalowe mu tauni. Amayi aja ankandiseka manje ndi amene amazidyetsa, ine ndikachedwa ku ntchito amaimba kuti madzi atsika pa mzere uja, ndithire a chigubu chiti?

Amene ali kuno ku Eastern akufuna kuyamba, sevisi ya miyala ndi mapaipi ndingawatumize komweko osakayika, koma refractometer mugule nokha tsiku loyamba, ndipo thanki muike chipinda chozizira kwambiri m'nyumba osati pomwe alendo aionere bwino ngati ine. Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa ku Lusaka, ka hydrometer kaja ndakaika kale mu chikwama, ndikawapatse okha pa kaunta.