Ntchemberezandonda: mankhwala a m'botolo kapena dothi ndi msuzi wa bonya?

Chimanga chikangomera, ntchemberezandonda zimakhala zafika kale. Mbozi zachilendozi zinalowa m'dziko muno cha kumapeto kwa 2016, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha izo. Kuchokera nthawi imeneyo alimi tinagawikana pawiri: ena amathamangira ku golosale ya zipangizo zaulimi, ena amatola dothi la m'munda momwemo.

Tiyambe ndi a m'botolo. Ubwino wake ndi liwiro, munthu mmodzi ndi sipuleya kumsana amamaliza ekala tsiku lomwelo. Koma ena amene amadandaula kuti mankhwala a cypermethrin sakupha amakhala atapopera masana, mbozi itabisala mkati mwa nsonga ya chimanga, kapena atachedwa mpaka yakula, ndowe zake zonga utuchi zili mbwee pamasamba. Mankhwala amagwira bwino mbozi zikadali zing'onozing'ono, pamene masamba angoyamba kuonetsa timawanga toonekera kuwala. Poperani m'mamawa kapena madzulo, mulunjikitse m'nsonga. Mvula ikagwa mutangopopera, ndalama zapita ndi madzi. Komanso mankhwala amapha ndi nyerere zomwe, zimene zikanakuthandizani.

Njira zakumudzi sizifuna ndalama, zimafuna msana. Kadothi, mchenga kapena phulusa m'nsonga ya phesi lililonse, ena amathira madzi a masamba a nimu kapena ombwe. Msuzi wa bonya ambiri ankauseka poyamba, chonsecho nzeru yake ndi yomveka: fungo limaitana nyerere, nyererezo n'kudya mbozi. Vuto ndi kuchuluka kwa mapesi. Kubzala kwa Sasakawa, masentimita 75 pakati pa mizere ndi 25 pakati pa mapando, kumapereka mapesi oposa 50,000 pa hekitala. Ndani angawerame kokwana chotere, kupalira ndi kuthira feteleza zikudikiranso? Phulusa nalo mukachulukitsa limawaula chimanga chanthete.

Dera limene mukulima lili ndi mbali yake. Ku Chikwawa ndi Nsanje kumatentha ndipo chimanga cha kudimba chimakhalapo chaka chonse, choncho mbozi zimaswana mwachangu osadukiza. Kumeneko dothi lokha silingakwanitse, makamaka ng'amba ikagwa, chifukwa mvula yamphamvu ndiyo imakokolola timbozi tating'ono. Ku Dedza kapena Ntchisi, kozizirirako, wolima theka la ekala amene anabzala ndi mvula yoyamba yobzalira akhoza kupulumuka ndi dothi komanso kuphwanya mazira ndi zala, bola azizungulira munda kawiri pa sabata.

Ine botolo ndimalisungira munda waukulu ndi chimanga chobzala mochedwa, chimene chimakhala chanthete pamene cha anzako chakhwima, agulugufe onse obala mbozizi n'kudzaikira mazira kwa iwe.